Momwe Tinakwezera Kopolo Jere Ali m'Bokosi

Lachiwiri m'mawa ndikuthirira tomato kuseri kwa nyumba, galimoto yoyera ya nambala za ku Lusaka inaima pachipata panga. Kwathu kuno ku Jumbe, galimoto yotere ikaima pakhomo pa mphunzitsi wopuma ntchito nkhani imakhala imodzi mwa ziwiri: kampeni kapena maliro. Chisankho chikadali kutali, ndiye ndinangotula ndowa ndi kukavala malaya.

Anatsika bambo wa nsapato zonyezimira koma maso ali psuu. Anati dzina lake ndi Kondwani, mwana woyamba wa a Yotamu Jere, mkulu wa kutsidya kwa msewu amene anali atatisiya dzulo lake. Maliro anakonza zoika Lachinayi.

"Aphunzitsi, andiuza kuti mbiri za maliro kuno mumalemba ndinu."

Sanamunamize. Pa zaka zimene ndakhala m'chigwa chino ndalemba mbiri za akufa ambiri, ndipo ndimaziwerenga ndekha kumanda chifukwa amati mawu anga amamveka popanda chinkuzamawu. Ntchitoyi ilibe malipiro, koma imabwera ndi mpando wa pamthunzi, ndipo mwezi wa Okutobala kuno mpando wa pamthunzi si chinthu chochinyoza.

Ndiulule chinanso, poti tili tokha. Pa mbiri zonsezo sindinaikepo munthu wamkali, waulesi kapena womana. Mayi wina amene ankatukwana mbuzi za anzake mpaka kusasa mawu, ine ndinamuika ali "mayi wamtendere". Bambo wina amene ankafika kutchalitchi pa Khirisimasi pokha, tsiku limenelonso ali chilili panja pafupi ndi njinga yake, ndinamuwerenga kuti "mzati wa mpingo". Mlonda wa pa loji ina ya alendo odzaona nyama ku Kakumbi anamwalira ali mlonda, koma pofika kumanda anali "mkulu wa chitetezo". Ine ndimakweza anthu msanga kuposa boma.

Kondwani anatulutsa pepala lotaipa bwino. Mzere woyamba unkati: malemu Meja Yotamu Jere, amene anamenya nkhondo yoteteza dziko lino, kenaka nakhala injiniya wamkulu amene anamanga paipi ya mafuta kuchokera kunyanja yamchere mpaka ku migodi.

"Meja?" ndinafunsa.

"Ndi momwe ndinkamvera anthu akuwaitanira."

"Ine ndinawasiya pa Kaputeni."

Sanaseke. "Aphunzitsi, Lachinayi kukubwera anzanga a kuntchito, basi yathunthu, ndi mabwana awiri. Ndakhala ndikuwauza za atate. Musandichititse manyazi. Inu ingokonzani Chinyanja chakecho, changa chinaonongeka ndi tauni."

Ndinalandira pepalalo ndi manja awiri, monga mwa chizolowezi changa.

Tsono ndikuuzeni momwe a Jere anakwerera maudindo onsewo osachoka pa Jumbe. Anafika kuno zaka ngati makumi awiri zapitazo atapuma ntchito, kutsatira abale a akazi awo amene anatsika kuchokera kumtunda kudzalima thonje. Tsiku loyamba atafunsidwa pagolosale anayankha okha, momveka: "Ndinali kopolo ku usilikali, kenaka injiniya ku mafuta." Koma ife tinaona kuti kopolo wachepa kwa munthu woyenda chowongoka chonchija, ndiye tinati Sajeni. Makondakita a maminibasi, amene kwa iwo aliyense wopisira malaya ndi bwana, anati Kaputeni. Eni ake ankakana ulendo uliwonse mpaka anatopa nafe. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mundikweza mpaka liti inu anthu? Mudzandigwetsa."

Dzina limene linawakhala kwenikweni linali lina. Amayi a pa mjigo ankawatcha a Dontho.

Chifukwa chake n'chakuti a Jere sankatha kuona chinthu chikudontha n'kupitirira. M'mawa uliwonse dzuwa lisanapse ankayendera mjigo wa pasukulu ndi kapaipi kopita ku thanki ya kuchipatala. M'thumba munkakhala tizidutswa ta katoni. Pamfundo iliyonse ya paipi ankayalapo kachidutswa kamodzi, mawa lake n'kubwera kudzaona ngati kanyowa. Akapeza kadontho, tsiku limenelo kunalibe mtendere mpaka pakonzedwe. Amayi akawaonera patali ankanong'onezana: "Bisani ndowa zobooka, a Dontho akubwera."

Ine anandiimitsapo pakati pa msewu ndikuthamangira ku msonkhano. "Aphunzitsi, tcheni cha njinga yanu chikulira. Chinthu chikamalira chikupempha." Anatulutsa kabotolo ka oilo m'thumba la jekete, n'kugwada pafumbi ndi thalauzi losita. Ndinachedwa ku msonkhano, koma njinga inasiya kulira.

Njovu nazo zinawadziwa. Mukudziwa mpanda uja timamanga wa nsanza zoviika mu oilo wakuda wosakaniza ndi tsabola, kuti njovu zikanunkhiza zibwerere. Tonsefe timasakaniza ndi maso. A Jere ankayeza ndi chitini, oilo zitini zakuti, tsabola zitini zakuti, nsanza iliyonse patali mapazi akuti ndi inzake. Anthu anayamba kuchokera ku Kakumbi kudzaonera. Masikauti a zanyama ankaseka kuti munthu amene ankayendetsa mafuta a dziko lonse wathera kupaka oilo pa nsanza kuti njovu ziyetsemule. Iwo ankangoti, "Njovu si yopusa. Imayendera mpanda wonse kufuna pamene mwachita ulesi."

Ameneyo ndiye munthu ndinkamudziwa ine. Pa pepala la Kondwani panalibe katoni, panalibe tsabola.

Lachitatu m'mawa ndinapita kusiwa. Nditapereka moni panja kwa azibambo, mayi wina anabwera kudzandiuza kuti namfedwa akundifuna. Amake Kondwani anali atakhala pamphasa pafupi ndi chitseko, mpango wakuda kumutu, maso ouma. Anandikodola kuti ndisendere.

"Aphunzitsi, pepala la mwana wanga andiwerengera. Munthu walembedwamoyo ine sindimudziwa."

Ndinayamba kufotokoza kuti mbiri ya maliro imakhala ndi kalembedwe kake, koma anandidula.

"Ine ndinakwatiwa ndi kopolo. Ndakhala naye m'makampu, ndakhala naye m'thengo kumene kunalibe ngakhale golosale. Mawa ndi tsiku lotsiriza kumva dzina lake likutchulidwa pagulu. Mukawerenga za munthu wina, ndiye kuti wanga mwamuika ngati mlendo wofera panjira."

"Kondwani mwamuuza, amai?"

"Ndamuuza. Akuti amama inu simudziwa momwe zinthu zimayendera masiku ano. Ndipo zonse za maliro wakonza ndi iye, ndikangana naye bwanji? Inu ndinu akulu. Muone chochita."

Ndinati tiona. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndikati tiona, ndiye kuti ndachita mantha.

Ndinabwerera kunyumba pepala likundiotcha m'thumba. Mbali ina kuli mwana amene wandilemekeza, wabwera ndi alendo ake, ndipo akulira atate ake m'njira imene akuidziwa. Mbali ina kuli mayi wokalamba amene akupempha chinthu chimodzi chokha, kuti mwamuna wake aikidwe ali yemweyo. Inu mukanatani? Musayankhe msanga, maliro amabwera kwa aliyense.

Chimene ndinaganiza ine n'chochititsa manyazi, koma ndinena. Ndinati ndidzawerenga pepala la Kondwani, koma pa "Meja" ndidzatsitsa mawu ndi kudutsapo mothamanga, kuti mabwana a ku Lusaka amve, amake Kondwani asamve. Nzeru za munthu wa zaka zanga zimenezo.

Sindinadziwe kuti madzulo a tsiku lomwelo minibasi ya ku Chipata inali itatsitsa mlendo.

Anali mkulu wowonda, wa ndodo ndi kachipewa ka usilikali kosuluka. Dzina lake a Bwalya, Mbemba wa kumpoto, ndipo anali atayenda masiku awiri. Kwa amene simuli a kuno ndifotokoze pang'ono. Pakati pa ife a kummawa ndi Abemba pali chimbuya, ubale wa nthabwala umene makolo anatisiyira atatopa kumenyana. Mbemba akafika pa maliro a Mngoni ali ndi ufulu wonena chilichonse, kuseka ofedwa, kuwathira ufa kumutu, ndipo palibe womukwiyira kapena kumutengera kubwalo. Ifenso timachita chimodzimodzi kwawo.

A Bwalya sanachedwe. Lachinayi m'mawa suti yakuda ya Kondwani inali itayera kale paphewa ndi ufa, ndipo mkuluyo ankazungulira kufunsa kuti mbewa za alendo aphikira kuti, poti iwo amatiseka kuti timadya mbewa. Athu nawo sanagone. Wina anakuwa kuti anyani onse a m'mudzi awolokera m'paki ya nyama atamva kuti kwafika Mbemba, wodya anyani. Anthu anaseka, misozi ili m'maso.

Kumanda tinafika cha m'ma teni awazi, ndiye kuti teni koloko m'mawa, dzuwa litayamba kale kuwawula. Mitengo ya tsanya inali mbee, yopanda tsamba. Amayi a chigwirizano anaimba, abusa anapemphera, kenaka ananditchula. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, ndinatsegula pepala.

Tsoka la munthu wa mawu aakulu ndi lakuti sadziwa kunong'ona. "Meja" uja ndinkati ndimubise anatuluka ngati belu la sukulu. Ndinaona amake Kondwani akuweramitsa mutu.

Ndodo inagogoda pansi katatu.

"Imani kaye, mukwai. Ndasokera."

Anali a Bwalya, ndi "mukwai" wawo, liwu laulemu la Chibemba, ataimirira kumbuyo kwa mabwana a ku Lusaka.

"Ine ndayenda masiku awiri kudzaika Kopolo Jere, wodya mbewa uja ndinkagona naye tenti imodzi. Apa ndikumva mukuika Meja. Pepani kwambiri a Meja, mugone bwino. Tsono wina andilozere manda a kopolo ndipite, nthawi ikutha."

Wina kumbali ya azibambo analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunayenda manda onse. Akanakhala munthu wina aliyense, anyamata akanamugwira mkono n'kumuperekeza kumsewu. Koma uyu anali mbuya. Abusa anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinayang'ana pepala ngati ndaliona koyamba. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo tsiku limenelo wometedwa ndinali ine.

Mkuluyo anasendera kutsogolo n'kuloza bokosi ndi ndodo.

"Meja, uyu? Mfuti ankainyamula ngati mwana wa eni ake. Sanaombereko ngakhale nkhanga. Zaka zija ndege za adani zinkabwera kuchokera kumwera, ife tinkalondera mlatho. Ena tinkagona ndi mfuti, uyu ankagona ndi sipanala. Ntchito yake inali injini, ya lole, ya madzi, ya magetsi. Tinkamuseka. Koma tsiku limene anatiuza kuti chokani pano mu teni minitsi, malole onse analira. Onse, mukwai. Palibe amene tinakankha. N'chifukwa chake ndili pano kudzakusowetsani mtendere."

Anatembenukira kwa ine.

"Ndipo aphunzitsi, pansipo ndikudziwa mwalemba kuti anamanga paipi. Sanamange. Anaipeza ilipo kale. Atachoka ku usilikali anawerenga mabuku mpaka maso kufooka, anakhoza, anakhala injiniya weniweni wa mapepala. Anamupatsa siteshoni ya mapampu pakati pa thengo, yokankha mafuta kuti apitirire ulendo. Ine anandiitana ndikhale mlonda pageti, chifukwa Mngoni popanda Mbemba womuseka amadwala."

Ndiye anatiuza nkhani imene palibe aliyense wa pa Jumbe anali ataimvapo, ngakhale tinakhala ndi mwini wake zaka zonsezi.

Chaka china nthawi ya dzinja, a Jere akuyendera paipi wapansi monga ankachitira, anaona udzu utachita chikasu pamalo pamodzi, pamtunda pa kamtsinje kamene midzi ya kumunsi inkamwa. Mawotchi oyezera mafuta a m'siteshoni sankaonetsa vuto lililonse. Anafukula ndi manja, ananunkhiza dothi, anabwerera chothamanga. Lamulo linali lakuti mapampu sazimitsidwa popanda chilolezo cha ku likulu, chifukwa ukazimitsa pamodzi mzere wonse umaima. Anayesa wailesi, mvula inali itaisokoneza. Anazimitsa.

"Mabwana atafika anakuwa mpaka mbalame kuthawa," anatero a Bwalya. "Ine ndili pageti ndikumva. Akuti ndiwe yani iwe, kopolo, woimitsa mafuta a dziko? Uyu anangoti tiyeni tikakumbe. Atakumba anapeza chitsulo chadyeka, chatsala chopyapyala ngati chitini cha parafini. Sabata imodzi, mwina masiku awiri, chikanaphulika, mafuta onse mu mtsinje. Koma sichinaphulike. Palibe anafa, palibe ng'ombe inadwala, nyuzi sinalembe. Ndiye mphoto yake mukuidziwa? Amake Kondwani, muli nayo?"

Amake Kondwani anatsegula Baibulo limene linali pamiyendo pawo, n'kutulutsa kalata yopindapinda, yofiirira ndi ukalamba. Inadutsa m'manja mwa amayi atatu mpaka inandipeza. Inali ya Chingerezi, ndipo ndinaimasulira mokweza momwe inalili. Inkati a Jere akuchenjezedwa kuti asadzazimitsenso mapampu popanda chilolezo, ndipo kalatayo ikhala mu failo yawo.

"Inakhaladi," anatero a Bwalya. "Anzake anakwera, ena anakhala mainjiniya aakulu. Uyu anapumira pa siteshoni yomweyo. Ndinamufunsa tsiku lina kuti mune, mnzangawe, sizikukuwawa? Anati ntchito yanga ndi yakuti pasachitike kanthu, ndipo sipanachitike kanthu."

Mkuluyo anavula kachipewa kaja. Nthabwala zinali zitamuthera. "Ameneyo ndiye ndabwera kudzaika," anatero, n'kubwerera kumbuyo.

Apo ndi pamene amake Kondwani analira, kulira kwenikweni kumene anali asanalire chiyambire Lolemba. Ine ndinachita manyazi kwambiri, ndipo sindibisa. Mayi anandipempha chinthu chaching'ono, ine mwini mawu ndinamukana, mpaka anachita kumuthandiza mlendo wa ndodo.

Ndinapinda pepala lotaipa lija n'kuliika m'thumba. Ndinamaliza ndi zimene ndinkadziwa ndekha: kuti chifikire Kopolo Jere pa Jumbe, mjigo wa pasukulu sunafepo, pomwe ya midzi yoyandikana imafa chaka ndi chaka. Kumbali ya amayi kunamveka "Eeh!" wamkulu, ngati anthu amene angozindikira kumene. Nanenso ndinali nditangozindikira ndikulankhula pomwepo.

Kondwani sindinamuyang'ane. Ndinkaopa.

Chichokereni kumandako ndakhala ndikudzifunsa: n'chifukwa chiyani timakweza akufa? Sikuti ndife abodza kuposa mitundu ina. Timati ndi ulemu. Koma ulemu wanji umene umayamba ndi kunena kuti moyo umene munthu anakhaladi unali wosakwanira, tiwonjezereko?

Ndikuganiza kuti vuto lathu n'lakuti timadziwa kutamanda wozimitsa moto, koma sitidziwa chonena za munthu amene anaonetsetsa kuti moto usabuke. Wopha njovu yovuta timamuimbira nyimbo. Woyendera mpanda m'mawa uliwonse kuti njovu isalowe timamupatsa dzina lomuseka. Namwino amene ana a m'dera lake sanadwale chikuku, dalaivala amene wayenda msewu wa Chipata zaka zonse osagwetsa munthu, mayi amene banja lake silinagonepo ndi njala, mbiri yawo mungailembe bwanji? Mulibe chochitika. Ndiye timatenga udindo n'kumata pamenepo kuti pepala lidzaze.

Ndipo si kumanda kokha. Pitani pa ukwati mukamve. Mkwati wogulitsa mafuta a galimoto m'zigubu pamsewu amasanduka "wabizinesi ya zamafuta". Wotsuka mbale ku loji ali "mu zokopa alendo". Ana athu amamva zimenezi, ndipo amaphunzira kuti ntchito imene atate awo amagwiradi ndi yobisa. Chonsecho mwambi tili nawo: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Timaunena bwino kwambiri, makamaka kwa anzathu.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndi kuti Kondwani sadzandipatsanso moni.

Lachisanu masana ndinapita kumsewu kukagula misomali. Pansi pa mtengo pamene anthu amadikirira maminibasi ndinapeza a Bwalya atakhala pa chikwama chawo, akukangana ndi mayi wogulitsa nthochi kuti nthochi za kummawa n'zazing'ono ngati anthu ake. Tikupatsana moni, Kondwani anatulukira wapansi, wavala malaya wamba ndi patapata.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera, kaya inu?" Ndinayamba kupepesa, koma anapukusa mutu.

"Mabwana anga anyamuka dzulo. Mmodzi anandifunsa kuti bwanji sunatiuze nkhani ya mapampu ija, ndiyo yabwino kuposa zonse unkatiuza. Aphunzitsi, sindinkaidziwa. Ine ndinakulira ku sukulu yogonera konko. Pa holide atate ankandidzutsa kuti tiye tikayendere paipi, ine ndinkati ndatopa. Nditakula ndinkawatumizira zinthu, ndinkawaimbira foni kufunsa za BP yawo, koma sindinawafunsepo kuti kwenikweni munkachita chiyani. Lolemba nditakhala pansi kuti ndilembe, ndinapeza ndili ndi mizere iwiri yokha. Ndiye ndinawonjezera."

Ndinalibe chomudzudzula. Ndi ntchito yomweyo imene ine ndakhala ndikugwira, kungoti ine ndili ndi zolemba zokongola.

"Muli ndi pepala lina, loona, loti ndikawerengere ana anga?" anandifunsa.

Ndinalibe. Palibe amene analemba. Zonse zimene zatsala za Kopolo Jere zili m'mutu mwa mayi wofedwa ndi mwa mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri amene anali atakhala pa chikwama akudikira minibasi.

Minibasi inafika, kondakita akukuwa Chipata, Chipata. A Bwalya anadzuka movutikira n'kugwira chikwama. Kondwani anachigwiranso mbali ina.

"Atate, musakwere. Ndikakutulani ndine."

"Ku Chipata?"

"Kwanu."

"Iwe mwana wa wodya mbewa, ukudziwa kutalika kwake? Masiku awiri."

"Ndikudziwa. Ndapempha kale kuntchito. Amama nawonso akuti apita nafe, akufuna kukaonanso siteshoni ija."

Mkuluyo anauza kondakita kuti azipita. "Chabwino. Koma ine ndikayamba kulankhula sindisiya, ndipo zina si zokoma. Atate ako ankaimba moipa kwambiri."

"Muyambire pomwepo," anatero Kondwani.

Loweruka m'mawa ndinawaona akudutsa, mkuluyo ali kutsogolo, dzanja lili m'mwamba akufotokoza chinachake, amake Kondwani kumbuyo akupukusa mutu ngati akutsutsa. Kondwani anachita mwayi, anapeza mboni ikadali moyo ndi galimoto yoinyamulira. Ambirife sitidzaupeza mwayi umenewo.

Ine ndasintha kagwiridwe ka ntchito. Wobwera kudzandipempha mbiri azibwera ndi nkhani imodzi yoona ya malemuyo, ngakhale yaing'ono, ngakhale yoseketsa. Udindo aziusiya pachipata. Mpando wa pamthunzi ukandithawa chifukwa cha zimenezi, ndili ndi chipewa.

Inu amene atate anu kapena amai anu akadali moyo, dzina la ntchito yawo mukulidziwa, sindikukana. Koma atati akupatseni pepala lero kuti lembani zimene manja awo ankachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mungafike mzere wachitatu musanayambe kuwonjezera?